Batire Limene Linafera M'chipinda Chaching'ono

9 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Sipoko ndiye anandiphera mwana. Ndayamba ndi dzina la mng'ono wangayo ndisanakupatseni n'komwe moni, kuti mudziwiretu yankho la zimene mwandifunsa m'kalata yanu. Nambala yanga ya foni musam'patse. Ngati akufuna kudzakonza chitseko cha kukhitchini monga mukunenera, akonze, mum'patse madzi akumwa, azipita.

Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi zidzukulu? Mwendo wanu uja ukupola? Ine kuno ndilipo, kungoti kachifuwa kaja kamabwera m'mawa, dzuwa likakwera kamapita.

Mukuti zaka makumi awiri ndi ziwiri ndi zambiri, ndipo chibale n'fupa sichiola. Fupa limathyoka, mayi. Popeza mwayamba kuiwala, ndikukumbutseni. Ndinagula njinga yamoto yatsopano ndi thukuta langa, yoliza ndi batani, yopanda chopondera chija ena amalizira. Ndinabwera nayo kunyumba, ndinayendapo masabata atatu, kenaka ndinaitsekera m'chipinda chaching'ono n'kubwerera kuno ku ntchito. Batire lake linali latsopano, la kapepala kachikasu pambali. Patapita chaka ndi miyezi iwiri, Kansapato wathu, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakomoka ndi malungo dzuwa likuswa mtengo. Munatulutsa makiyi, munaitana Sipoko, anadina batani, njinga zii. Anaikankha, zii. Mpaka anam'bereka mwanayo kumbuyo n'kukwera naye njinga yakapalasa, ndipo kuchipatala anafika ndi mtembo.

Ine nditafika ndinatsegula pansi pa chishalo. Batire limene ndinapezamo linalibe kapepala kachikasu. Munthu wokonza njinga ngati Sipoko amadziwa kumene mabatire amagulitsidwa. Langa anachotsa, n'kuikamo lakufa. Iye akuti linafa lokha. Chinthu chatsopano, chosagwira ntchito, chotsekeredwa ndi loko, chife chokha? Chatopa ndi chiyani?

Za ntchito: kufakitale kuja anandiuza kuti msana wanga wakalamba. Ndapeza ina yopepuka. Ndi galaja yaikulu ya pansi pa nyumba, kumene anthu a ndalama amasungitsako njinga zawo zamoto akamapita kutali. Zilipo makumi anayi ndi zitatu, iliyonse yofunditsidwa nsalu ngati wodwala. Ine ndimasesa, ndimapukuta fumbi, ndimapopa matayala, ndipo ndimayang'ana timagetsi. Njinga iliyonse ili ndi katchaja kake, kabokosi kokwana m'dzanja, chingwe china kukhoma, china ku batire. Kagetsi kake kakakhala kobiriwira ndimadutsa. Kakafiira ndimaitana amakaniko. Chimene amawonongera magetsi pa zinthu zongogona sindichidziwa, koma thumba ndi lawo.

Ndatumiza kangachepe ndi dalaivala wa thiraki yemwe uja. Mugule mahinjesi olimba a chitsekocho, kuti munthuyo asapeze chifukwa chobwereranso. Chipinda chaching'ono chikhale chokhoma monga mwa masiku onse. Muzindiyankha ndi kalata. Pafoni mumandidula mawu ndi kulira.

Ndine mwamuna wanu.

6 Malichi

Mayi a ana anga,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti mwendo ukukulolani kufika kumsika. Ine ndili bwino. Zinthu kuno zakwera. Ndalama imene inkagula sopo awiri tsopano ikugula mmodzi, ndipo mmodziyo ndi woonda ngati akudwala.

Pali nkhani imene yandisowetsa mtendere. Makaniko wa pagalaja pathu ndi mayi, msinkhu wa mwana wathu woyamba. Timam'tcha Namagetsi. Ali ndi pakamwa, koma manja ake amadziwa ntchito. Lachiwiri ndinam'peza atagwada pambali pa njinga ina, ndiye ndinam'funsa mongocheza:

"Kodi njingazi mumaziyamwitsa usana ndi usiku, zidzakhuta liti?"

Anaseka. "Madala, katchajaka sikadyetsa, kamangolawitsa. Batire likatsika pang'ono, kamadontheza pang'ono. Likadzaza kamasiya, n'kumangolilondera. Si tchaja ya foni yanu ija yomanga ndi mphira."

"Nanga chikulitsitsa n'chiyani, njinga sikuyenda?"

"Kukhala komweko. Batire limadontha lokha, ngati ndowa ya kabowo kosaoneka. Mulisiye miyezi ingapo muone. Ndipo likafika pansi penipeni n'kukhalitsa pamenepo, m'kati mwake mumamera zoyera ngati mchere. Likatero silidzukanso."

"Ngakhale latsopano?"

"Latsopano, lakale, la bwana, la wantchito, onse njira ndi imodzi."

Mayi, tsache linandipulumuka m'manja. Mawu omwewo, ngati Sipoko anachita kum'tumizira uthenga. Ndinatola tsachelo n'kumuuza kuti, "Bodzalo uziwauza a ndalamawa, ine ndinabadwa kale." Iye anati, "N'chifukwa chake mukutsokomola chonchi, Madala. Inunso tikupezereni katchaja, tikulumikizeni kukhoma." Anthu a mu ofesi anaseka. Ine sindinaseke.

Ndaganizapo bwino, ndipo sizikundiopsa. Amakaniko onse ndi mtundu umodzi, sangatsutsane. Chachiwiri, galajayi imadya mantha a eni njinga. Atawauza kuti batire limatha kukhala lokha osafa, ndani angabwerenso kudzasungitsa? Timagetsi tobiriwirato ndi maluwa ongokometsera malonda.

Komabe mukalowe m'chipinda chaching'ono, mukaone ngati batire lija lidakali pashelefu pamene ndinalisiya. Musalipukute, musalisunthe. Umenewo ndi umboni. Mukatuluka mukhomenso.

Mwalemba kuti Sipoko chitseko anachikonza bwino, ndipo anakana kulandira kanthu. Mukuti tsitsi lake layera lonse, ndipo diso limodzi silikuona bwino. Zimenezo musamandilembere, pepala ndi lodula. Mundiuze za mbuzi, za denga la bafa, ndi za mdzukulu wathu wamkulu ngati wayamba kuwerenga.

Mwamuna wanu.

29 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni nonse. Ndikhulupirira mphepo ija sinakugwetsereni mpanda. Ine ndikudya, ndikugona.

Kalata ino muwerenge nokha, mukatha muiike pansi pa zovala m'sutikesi. Mpongozi wathu asaione, pakamwa pake palibe chitseko.

Sabata yatha kunabwera dokotala wa mano, munthu wamfupi wadazi, kudzasungitsa njinga yake. Akupita kukaona mwana wake kutali, adzabwera mu Ogasiti. Njingayo ndi yakale, yofiira, yopanda alamu, yopanda wotchi, yopanda chilichonse chodya moto mobisa. Itangolowa pakhomo ndinasiya kusesa, chifukwa kaimidwe kake ndi ka yanga ija, ngakhale batani lili pamalo omwewo. Dokotalayo anati amuikiretu batire latsopano. Namagetsi analitulutsa m'katoni ine ndikuona, analimanga, analiza njinga, inalira bwinobwino. Katoniyo ndinakataya ndine.

Ndiye ndachita chinthu. Loweruka masana, onse atapita kukadya, ndinatenga batire lina pashelefu ya mabatire osungira, n'kulibisa kuseri kwa tayala lakumbuyo, m'kati mwa nsalu. Tizingwe ta katchaja ndinatichotsa ku njinga ya dokotala n'kutilumikiza ku batire lobisikalo, kofiira pake, kakuda pake, monga ndimaonera. Kagetsi kanaphethira kawiri, kenaka kanabiriwira. Namagetsi akamadutsa Lolemba lililonse ndi kabuku kake amangoona kubiriwirako n'kuchonga. Koma batire la dokotala lili lokha tsopano, monga langa linalili. Tsiku ndalilemba pakapepala, kali m'chipewa changa.

Musayambe kugwira pakamwa. Sindinabe kanthu, sindinaswe kanthu. Ndikungofunsa funso kwa chinthu chosadziwa kunama, poti anthu onse amene ndawafunsa ali ndi mbali. Ndikudziwa kuti miyezi isanu si chaka ndi miyezi iwiri. Koma ngati ndowa ili ndi kabowo monga akunenera mayi uja, miyezi isanu ikwanira kuona kunyowa pansi. Njingayo ikadzalira mu Ogasiti ndidzakulemberani, ndipo kalatayo mudzapite nayo pashedi ya Sipoko, mukam'werengere makasitomala ake akumva. Pamenepo adzavomera, ndipo akadzavomera mwina tidzaona za nambala ya foni.

Mbuzi yaikazi musagulitse ngakhale wogula atabwera ndi mawu okoma. Ya tonde ija mutha kugulitsa, imangodya. Nsapato za mdzukulu ndagula, ndi zazikulu pang'ono, aikemo pepala kutsogolo.

Mwamuna wanu.

17 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni. Kalata yanu inafika itanyowa pangodya, koma mawu okalipa onse anapulumuka.

Mukuti ndikusewera ndi ntchito pa ukalamba, ndipo akandichotsa palibenso amene angalembe nkhalamba yotsokomola. Ndamva. Mukutinso, "Bambo, kodi mwaiwala kuti Sipoko anakulemberani?" Sindinaiwale. Analemba kawiri. Anati ndimulole aziiliza njingayo Loweruka lililonse, aziyenda nayo mpaka pamlatho n'kubwerera, kuti batire lisagone. Ine ndinakana. Nanga mukanakhala inu mukanatani? Munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu, wosakwatira, maso ali pa atsikana a kumsika. Pamlatho pakanakhala poyambira chabe. Ine ndinagona pa makatoni zaka zinayi kuti ndigule njinga imeneyo, iye ankafuna kudyerapo ulemu waulere. Ndipo kupempha kwakeko ndi kumene kunandionetsa kuti mtima wake unali pa njingayo kalekale.

Abwana ananditumiza kuchipatala chifukwa ndinatsokomola pamaso pa kasitomala. Anandijambula pachifuwa, anati ndibwerenso. Sindinabwerereko, mzere wake ndi wa tsiku lathunthu. Musadere nkhawa. Lamba ndamuboola bowo lina, koma ndi chifukwa cha masitepe a galajayi, ndimakwera ndi kutsika kosawerengeka.

Njinga ya dokotala ili pakona, malo a nambala 31. Ndimasesa mozungulira, sindiivundukula. Makiyi ake ali pabolodi mu ofesi, ndipo ndikanatha kudina batani tsiku lililonse n'kudziwa. Dzana ndinafika powagwira makiyiwo, kenaka ndinawabwezera pa msomali. Kuliza pakati n'kuwononga mayeso, ndinadziuza choncho. Namagetsi anandipeza nditaima pakonapo, nati, "Madala, mukuifunsira? Ili ndi mwini wake imeneyo." Ndinaseka naye. Mayi ameneyu amandithirira tiyi wa m'fulasiki yake nthawi yopuma, amati ndimam'kumbutsa bambo ake kuuma mutu. Tiyiyo ndimamwa ndikukumbukira chimene chili kuseri kwa tayala.

Denga la bafa muliyambe mvula isanabwerere. Malata akale amene ali kuseri kwa khola akwanira, mungogula misomali.

Ndili ndi funso laling'ono. Tsiku lija, njingayo anaikankha nthawi yaitali bwanji? Palibe chifukwa. Ndangofunsa.

Mwamuna wanu.

22 Ogasiti

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi onse. Pepani kuti miyezi itatu yadutsa dalaivala akungobweretsa envulopu yopanda kalata. Ndinalibe cholemba. Thupi lili momwemo. Funso langa lija simunayankhe, ndaona.

Dokotala wa mano anabwera Lachinayi m'mawa, masiku awiri tsiku lake lisanakwane, ndisanachotse chobisa changa. Anatsika masitepe atavala kale jekete lachikopa, chipewa cha njinga chili m'khwapa, akuimba mluzu. Ndinathamangira kukavundukula nsalu ndekha, ndinaiunjika pa tayala lakumbuyo kuti ibise batire lija, n'kuchotsa katchaja msangamsanga. Mtima wanga unali m'malo, mayi. Ndinali wokonzeka kumva kulira kwake.

Anakwera, anapotokola makiyi. Kagetsi ka pachiwongolero kanayaka mofooka ngati diso la nkhuku yodwala. Anadina batani. Tche. Anadinanso. Tche. Kachitatu, zii.

Kaphokoso kameneko ndi kakang'ono kwambiri, sikaposa kuthyoka kwa kamtengo ka machesi. Sindinakamvepo chibadwire. Inu munakamva.

Dokotala anati, "Kodi ndimakusungitsani kuti zizitere?" Namagetsi anabwera ndi kamita kake akuti, "Sizingatheke, kakhala kobiriwira sabata iliyonse." Anayeza batire. Anayang'ana kamita, anayang'ana katchaja, anayang'ana ine. Kenaka anatukula nsalu ija ndi phazi, ndipo batire langa lobisa linali pomwepo, phee, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

Abwana anatsika. Anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Namagetsi anayamba kunena kuti mwina iye ndiye anasokoneza zingwe. Ndinam'dula. Ndinati, "Ndine, bwana." Munthu wina kusenza mlandu wanga ine ndili pomwepo, sindinafune.

Dokotala atamangiridwa batire lina n'kupita, Namagetsi anandiitanira m'chipinda cha zipangizo n'kutseka chitseko.

"Madala, ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, mwana wanga."

"Ndiye?"

"Ndimafuna ndione ngati limafadi lokha."

"Si ndinakuuzani ine?"

"Winanso anandiuza kale."

Ndinamuuza za Kansapato. Chifikireni kuno sindinatchulepo dzina limeneli kwa munthu, ndipo linatuluka movuta ngati msomali wadzimbiri. Mayiyo anakhala pansi pa kireti. Sanakalipe, sanatonthoze. Anangofunsa kuti, "Yanuyo inakhala nthawi yaitali bwanji osalira?" Ndinati chaka ndi miyezi iwiri. Anatseka maso.

Abwana andipatsa mpaka kutha kwa mwezi. Envulopu ikubwerayi ikhala yopyapyala, mudziwiretu.

Komabe batire limodzi si umboni. Mwina linachoka kufakitale lili lodwala kale. Pakona paja pamadutsanso mpope wa madzi otentha, ndipo kutentha kumawononga zinthu. Ndiponso nkhani ya kapepala kachikasu idakalipo, palibe amene waiyankha. Kwa Sipoko musanene kanthu. Ndikuganizabe.

Mwamuna wanu.

19 Okutobala

Mayi a ana anga,

Moni. Mukaona zilembo zikupendama musadabwe, ndikulembera pa bondo. Ndinagona m'chipatala masabata atatu, ndatuluka Lolemba. Adokotala analankhula zambiri, ndinamva theka. Theka limene ndinamvalo likwanira. Andipatsa mapiritsi ndi tsiku lobwerera, koma ponena tsikulo sanandiyang'ane m'maso.

Ntchito inatha monga ndinanenera. Chipinda ndikadali nacho, mwini nyumba ndi munthu wachifundo.

Namagetsi anabwera kudzandiona ku wodi. Anabweretsa malalanje ndi katchaja kena kakale, kosweka chikuto, kamene anakonza yekha. Anati, "Mukapite nako kwanu, Madala." Ndinam'funsa ngati kangadzutse batire limene lili pashelefu m'chipinda chaching'ono. Anapukusa mutu. "Aka kamasunga lamoyo. Lakufa sikalizindikira n'komwe, kagetsi sikayaka." Ndinati nthawi imeneyo kunyumba kwathu kunalibe magetsi, ndiye ngakhale kakanakhalapo sikakanathandiza. Ndinanena choncho kuti andivomereze. Iye samadziwa kunama, mayi ameneyu. Anati, "Popanda magetsi, kuikwera kamodzi pa sabata, theka la ola, kukanakwana." Kuchokera pakhomo pathu kukafika pamlatho n'kubwerera ndi theka la ola. Ndinatembenukira kukhoma.

M'chipatala munthu amakhala ndi nthawi. Ndakhala ndikukasaka kapepala kachikasu kaja m'mutu mwanga. Tsiku lina ndimakaona pa batire. Tsiku lina ndimakaona pa katoni ya chipewa chimene ndinagulira limodzi ndi njinga. Chipinda chaching'ono chimachita chinyontho pakona ya kumadzulo, mukudziwa, ndipo pepala lomata silipirira chinyontho. Zaka zonsezi ndikanalumbira pa kapepala kameneko. Lero sindingalumbire.

Zimene ndikukumbukira bwino ndi zina. Yankho langa kwa Sipoko linali la mzere umodzi: wokhudza njinga yanga ndidzam'dula zala. Ndikukumbukiranso tsiku limene ndinam'tcha mbava pabwalo la nyumba yathu, abale a mtsikana amene ankafuna kum'kwatira ali pomwepo. Ukwatiwo unathera pamenepo, ndipo chaka chonse anthu ankalambalala shedi yake. Iye anangonena kamodzi kuti, "Achimwene, linafa lokha." M'maondo mwake ndi m'zikhatho munali mabandeji. Ndinawaona. Sindinafunse.

Tsopano ndikufunsa inu, mayi, ndipo mundiyankhe mosazungulira ngati momwe mumachitira ndikafunsa za mtengo wa mbuzi. Kodi munkadziwa? Mmene ndinkabwera pa tchuthi n'kumatsegula chipinda chija, n'kumakuonetsani batire pashelefu kuti taonani ntchito za mlamu wanu, inu n'kumangoti eya, bambo, kodi munkadziwa? Kalata ino mutha kum'werengera. Kapena ayi. Muone nokha.

Mwamuna wanu.

5 Disembala

Mayi a ana anga,

Moni. Kalata ino ndaiyamba Lolemba, lero ndi Lachitatu. Miyendo yatupa, masitepe a nyumba ino sinditsikanso. Mkazi wa mwini nyumba amandikwezera chakudya.

Mwayankha mosazungulira, zikomo. Munkadziwa. Mukuti nonse awiri munkadziwa kuyambira tsiku lomwelo, ndipo nditam'tcha mbava inu munafuna kulankhula, koma Sipoko anakuletsani kuseri kwa khitchini. Anati, "Alamu, asiyeni andide ine. Akadziwa kuti ndi iwo, tiika maliro awiri." Mwayankhanso funso langa lakale. Anaikankha pafupifupi ola lathunthu, kutsika kamtunda n'kuikwezanso, akugwa n'kudzuka, inu mutanyamula mwana pambali pa msewu, chifukwa aliyense ankati ikangolira tifika msanga. Pa njinga yakapalasa ulendowo ndi wa ola ndi theka. Kuwerengera kotsalako ndachita ndekha, musandithandize.

Mukuti munam'werengera kalata yanga pashedi, iye akulumikiza tcheni, ndipo mutamaliza anati, "Palibe kanthu, auzeni achimwene abwere kunyumba." Ameneyo sasintha. Ndani anam'pempha kuti andisenzere katundu wanga zaka makumi awiri ndi ziwiri? Anandisiya ndikuyenda ngati munthu wolungama, ndikutukwana pa maukwati, ndikukana moni wake pa maliro, iye akungondiyang'ana. Chikhululuko chakecho asunge kaye. Sindinachipemphe, ndipo mmene ndililimu sindingachinyamule.

Za kubwera, dalaivala akuti angandiike kutsogolo kwa thiraki mu Januwale ngati miyendo ilola. Adokotala nditawafunsa za Januwale anayamba kukonza mapepala patebulo.

Chipinda chaching'ono mutsegule, loko mutaye. Batire lija mupatse ogula zitsulo, musaliponye kudzala, mbuzi zinganyambite. Njinga ndi katchaja kamene ndatumiza ndi kalata ino zipite kwa Sipoko. Akafuna akonze, akafuna agulitse. Akakana musalimbane naye, mungozisiya pashedi.

Chimene ndikufuna ndi chimodzi, ndipo sindipempha, ndikulamula monga mkulu wake. Mwalemba kuti atanyamuka pa njinga yakapalasa inu munathamanga pambuyo wapansi, ndipo pokhota paja anakusowani. Ndiye kuti kuchokera pokhota mpaka pageti la chipatala panali anthu awiri okha. Mmodzi tinamuika. Zaka zonsezi ndafunsa za batire, za kapepala, za makiyi. Za mwana sindinafunsepo.

Akhale pansi andilembere msewu umenewo. Ngati diso likumuvuta, anene inu muzilemba. Ayambire pokhota. Kodi mwanayo anatsitsimukako? Analira, kapena anali chete? Anapempha madzi? Manja ake anali pati? Anali atafika pamalo ati pamene anamva kuti walemera kumsana, ndipo atamva choncho anaima kapena anapalasabe? Ngati analankhula, ananena chiyani, mawu ake enieni, mmene ankatchulira mwachibwana muja. Ndipo ngati ananditchula.

Asakometse. Munthu amene anandibisira zoona kuti ndikhale moyo asandibisirenso kuti ndife bwino. Ngati sananditchule, alembe kuti sananditchule.

Dalaivala anyamuka kumeneko pa 14, afika kuno pa 17. Kalatayo ikhale m'thumba mwake. Ine ndiyesetsa kudikira.